Makina Aluma Buluku, Gulu Lonse Lili Zii

Aphungu,

Madzi afika m'khosi. Akazi anga ndi telala, ndipo panopa ali kwa mng'ono wawo amene wabereka kumene. Pochoka anandiuza kuti, "Chilichonse m'nyumba muno gwirani, koma makina anga osokera ayi."

Buluku langa la kuntchito litang'ambika kumbuyo, ndinati kusoka n'chiyani, si kungopondaponda basi? Makina analira kawiri n'kuluma buluku, osalisiyanso. Ndinathiramo mafuta ophikira kuti afewe. Tsopano chipinda chonse chikununkha ngati kukhitchini, buluku likadali momwemo, mwendo umodzi ukulendewera. Akazi anga akubwera Loweruka kudzamaliza diresi la mkwatibwi.

Ndinalowa m'gulu la atelala la pa intaneti ndi dzina lobisa loti Mnyamata Wofatsa. Ndinaika chithunzi cha makinawo n'kulemba kuti, "Makina a mnzanga akuvuta, thandizeni msanga." Aphungu, zii! Foni ikuonetsa kuti anthu ambirimbiri awerenga, koma wina anangoikapo kachithunzi ka maso awiri. Chonsecho mayi wina atafunsa za mabatani, anthu anamuyankha mpaka kukangana.

Dzulo akazi anga anaimba foni, mwaulemu wodabwitsa, n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi masiku ano kuntchito mukumavala chiyani?" Mtima wanga suli m'malo. Anthu a pa intaneti ndinawalakwira chiyani ine?

D.K., wa m'tauni

A D.K.,

Mafunso ambiri pa intaneti amasowa woyankha chifukwa cha eni ake. Kulemba kuti "makina akuvuta" kuli ngati kuuza dokotala kuti "ndikudwala" n'kutseka pakamwa. Ndi makina amtundu wanji? Munawatani? Za mafuta ophikira zija simunatchule, ndipo anthu odziwa ntchito sakonda kulosera. Ena amawerenga n'kumati wina ayankha, mpaka onse kudutsa. Komanso munthu akati "a mnzanga", aliyense amadziwa kuti mnzakeyo ndi ndani.

Koma kukhala chete kwa gulu lanuli n'kwamtundu wina. Taganizani bwino. Telala wakhama ngati akazi anu angasowe m'gulu la atelala? Inu mwaika chithunzi cha makina awo, m'chipinda chawo, ataluma buluku limene iwo amalidziwa ngakhale mumdima. Anzawonso makinawo awazindikira. Sakukunyozani ayi, angokhala pansi kudikira kuti aone mathero ake. Ndipo maso awiri aja, sindikukayika kuti mwini wake mumakhala naye nyumba imodzi.

Chitani izi. Lekani kukoka bulukulo, ndipo musathiremonso kanthu, kaya ndi madzi kaya ndi sopo. Itanani wokonza makina lero lomwe, mumuuze zonse, ndi za mafuta zomwe, chifukwa mkwatibwi uja sanakulakwireni. Kenako imbirani akazi anu muulule nokha asanafike pakhomo. Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Makina akakonzedwa, bwererani pagulupo mukalembe chimene chinavuta ndi mmene achikonzera, kuti mwamuna wina wa manja oyabwa adzapezepo thandizo.

Chenjezo langa ndi ili: musafufute funsolo poganiza kuti mwabisa, anthu analijambula kalekale. Ndipo lekani kudandaula kuti simunayankhidwe, bambo. Yankho lanu lilipo, likubwera Loweruka, chikwama chili m'manja.