Masipika a Achimwene pa Chikumbutso Chanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Joni kwazizira. Mpongozi wanu Esinati, mkazi wa achimwene a Dalitso, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kumudzi akuti mtedza munausiya m'munda uja akumba, ngakhale chiswe chinali chitalawako kale.

Tsono ndikuuzeni za chikumbutso chanu chimene achimwenewo anakonza mu holo ina ku Marlboro, poti ambirife sitinathe kubwera kudzakuikani. Ine ndinabweretsa kaseti ija munaimba ndi kwaya ya amayi, yokhayo yosunga mawu anu. Iwo anabweretsa masipika. Anabwereka kwa aliyense wowadziwa, mulu kufuna kugunda denga, kuti anzawo ogwira ntchito ku Sandton aone kuti mayi wa Dalitso saliridwa ndi kawailesi.

Ampulifaya, makina opatsa masipika mphamvu, inali imodzi, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa poyera kuti masipika ake asatsike pansi pa maomu anayi. Maomu, Amayi, ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, ndipo ampulifaya imafuna sipika yokana moyenerana ndi mphamvu zake. Ukamangirira masipika ambiri pa mawaya amodzimodziwo, kukanako kumatsika, onse n'kumayamwa nthawi imodzi ngati ana a nkhumba pa make wowonda. Ndinawasonyeza zolembazo. Anandiyankha ndi msana.

Munangoimba ndime imodzi. Mawu anu anayamba kusasa, kunabwera fungo la pulasitiki wopsa, kenako zii. Achimwene anaimba mlandu magetsi a ku Joni, mababu ali ngwee pamutu pawo. Anzawo aja n'kuti atafola kale ku nyama. Ndinakumbuka mmene munkanenera, kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Koma kumeneko n'kuinyoza ng'oma. Iyo imayamba yavinitsako anthu.

Kaseti sinapse. Ndinaitulutsa n'kupita nayo. Kunyumba ndinaiyika pa kasipika kamodzi koyenerana ndi ampulifaya yake, ndipo ndinamva ngakhale pamene munkakoka mpweya musanakweze nyimbo. Ndinalira pamenepo, osati mu holo muja.

Tsopano achimwene akuifunanso kasetiyo, akuti apeza masipika ena akuluakulu. Sindiwapatsa, Amayi, ngakhale andinenere kwa amalume. Ndikuisungira mnzanu wa dzina uja. Akadzayamba kuzindikira mawu, ndidzamuika pamiyendo, akumveni motsitsa, mmene munkatiyankhulira ife.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike