Zipinda Zinayi, Denga Limodzi

Lolemba, 9 Januwale 1956

Mvula kuyambira dzulo, koma m'nyumba ya okalamba simunadonthe ngakhale pang'ono. Malata ndi malata basi. Aja ankaseka kuti Gerishomo wapenga, wamangira nkhalamba za eni nyumba yamalata mwini wake akugona m'yaudzu, lero akuyanika mikeka pamoto.

Phindu lokha ndiye kaya. Ku Bulawayo, komwe ndinali khukhi panyumba yosungira azungu okalamba, dona wake anagula galimoto ndi ndalama za ana a nkhalambazo. Ine ndinati nanga kwathu kuno kwa Mwambo? Anyamata onse ali ku Joni, makolo akungovutika okha. Masheleni khumi ndi asanu pamwezi munthu mmodzi, chakudya changa, kuchapa kwa Fanny mkazi wanga. Pakamwa zinkakoma.

Zipinda zinayi, nkhalamba zinayi, zolipiridwa zitatu. A Makisoni, mwana wawo Medson anasiya kutumiza chilimwe chathachi. Koma kudya kwawo ngati amalipira kawiri.

Loweruka, 14 Januwale

Ku positi ku Zomba panjinga, matope mpaka m'mawondo. Za Medson palibe. Kalaliki mpaka wandizolowera: "Mwabweranso, bambo wa nkhalamba?" Mwana wopanda mwambo.

A Sophia a chipinda chakumapeto akana matemba, akuti akufuna makumba. M'kamwa mulibe dzino ndi limodzi lomwe, koma kusankha ndiwo ngati mkazi wa bwana.

A Makisoni akundilukira mono wachitatu wogwirira nsomba. "Iyi ndi lendi yanga, mwananga." Mono ndikagulira sopo? Kuwathamangitsa ndiye ndiwathamangitsire kuti? Anabwera ali mnyamata kuthawa Apwitikizi, nakwatira chikamwini. Akazi awo atamwalira, nyumba inagwetsedwa monga mwa mwambo, akuchikazi n'kuwasudzula. Munthu wa imvi mutu wonse kusowa pogona.

Lamulungu, 22 Januwale

A Makisoni chibayo. Mankhwala a kudisipensale, masheleni awiri, a m'thumba mwanga.

Kwatulukira Jafeti, mwana wa mlongo wawo. Zaka zonsezi sanabweretsepo ngakhale chinangwa chimodzi, lero wakumbuka kuti ali ndi amalume. Odwalawo Jafeti anangowayang'ana pang'ono, maso onse kudenga. "Amalume akatsirizikira muno, mwambo mukuudziwa. Nyumba yomwe wafera munthu wamkulu imagwa."

Ndinati chipinda chawo n'chimodzi chokha. Iye akuti, "Ine ndikuona denga limodzi."

A Sophia ndi anzawo awiri aja nawonso akuti maliro akachitika muno, pansi pa denga limeneli sagonaponso. Akhristu a mgonero amenewa!

Uchitsiru wanga. Ndinamanga mtandadza umodzi ngati wa ku Bulawayo kuti malata asalowe ambiri. Ndikanamanga tinyumba tinayi taudzu, bwenzi kakugwa kamodzi, ena atatu ali chiimire. Ndinabadwira konkuno, maliro ndayenda osawerengeka, nyumba za anthu ndagwetsa nawo ndi manja angawa. Koma pomanga yanga, mutu unali ku Bulawayo. Ndinaiwala kuti nkhalamba zimafa.

Unyamata wanga wonse ndinauthera pa mapoto a dona. Uli padenga paja.

Lachinayi, 26 Januwale

Akuipiraipira. Phala supuni ziwiri basi.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo. Akuti Mkhristu asaope zamakolo, ndilimbe mtima. Iye yemwe nyumba ya mayi ake anagwetsa chaka chatha, mitengo yake n'kuotcha.

Fanny: "Inu abambo a Mary, mangani kachisakasa kuseri kwa nkhokwe. Ikayandikira nthawi tiwasamutsire m'menemo. Mary adya chiyani nyumba ikagwa?" Nkhwangwa ndinatenga. Mitengo ndadula m'mbali mwa Likangala, ndadutsa nayo pakati pa mudzi, aliyense akuona.

Pozika nsichi, a Makisoni anali atatsegula chitseko, akundiyang'ana ali gone.

"Ukumanga chiyani m'mvula muno, mwananga?"

Ndinati khola la mbuzi.

"Mbuzi ulibe."

Anaseka mpaka kutsokomola magazi. Ine manyazi, osadziwa koyang'ana.

Lachitatu, 1 Febuluwale

Lero linali tsiku lowasamutsa. Kachisakasa kali ndi udzu pamwamba, m'mbali mulibe kanthu, mphepo ya kunyanja ikungodutsa. Ndinawanyamula. Kupepuka ngati dengu lopanda kanthu. Anandigwira m'khosi ndi manja onse awiri, osafunsa komwe tikupita.

Ndinafika pakhomo n'kuima. Ndinauza Fanny kuti akutumule mkeka, ndinabwerera n'kuwagoneka pomwe anali.

Kukhitchini ndinamuuza kuti zatha, afera m'chipinda mwawo ngati munthu. Jafeti agwetse. Malata apite. Fanny analira, kenako n'kusiya kundilankhula. Sindikumuda, akunena zoona. Ndadzikwiyira ndekha. Munthu wosalipira, si bambo anga, si mtundu wanga, ndipo ndi amene akundigwetsera nyumba. Dona uja sakanataya ndi tulo tomwe.

Lamulungu, 5 Febuluwale

Tinapita kutchalitchi tonse, ndi nkhalamba zitatu zija. A Makisoni tinawasiya akugona, kupuma kuli bwinoko kusiyana ndi dzulo. Mvula inatitsekereza komweko.

Pobwera, chitseko pululu. Bulangete lopindidwa bwinobwino. Mono uja atautsiriza, uli pamkeka.

M'matope, mkukuluzi wa mawondo ndi zigongono, kuzungulira nkhokwe.

Tinawapeza m'kachisakasa, atapinda miyendo, malaya ali chonyowa, atazizira kale. Munthu wolephera kugwira supuni wakwawa mtunda wonsewo yekha.

Sindingalembe zambiri.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Tinaika dzana. Nsalu yanga, matabwa anga, ufa wanga. Jafeti anabweretsa misozi yokha, yambirinso.

Kachisakasa anakagwetsa ndi mwendo, kamodzi kokha. Nyumba ili chiimire, palibe wakhudza lata ndi limodzi lomwe.

Kumanda palibe anandipatsa moni. Amayi kumbuyo kwanga, osatsitsa ndi mawu omwe: "Anawataya kunja ngati galu kuti apulumutse malata." Ndinati anakwawa okha. Wina anaseka. Ndani angakhulupirire? Mitengo ija anandiona nayo mudzi wonse. Ndi a Sophia omwe akuti iwo sakudziwa, anali kutchalitchi. Ngati kuti ine ndinali kwina.

Loweruka, 3 Malichi

Mbiri yafika ku Joni msanga kuposa ndalama. A Sophia anadzatengedwa ndi mdzukulu wawo sabata yatha, akukagona m'kakhumbi kodontha, koma akuti bola kumeneko. Awiri enawo achoka dzulo. Mmodzi anakana ndi kuti ndimunyamulire mtolo.

Zipinda zinayi, nkhalamba palibe. Amwenye a ku Songani akuti malata akale amagula theka la mtengo.

Mvula yayambanso, yathu yaudzu ikudontha pamutu penipeni pa Mary. Fanny akuti tisamukire m'yamalata, nanga ingokhala? Ndinalowamo masana kuti ndisese. Mono uja uli pakhoma. Mvula padenga phokoso lokhalokha, pansi pouma gwa. Ndinatuluka tsache lili m'manja.

Lendi mwalipira, a Makisoni. Anakutumani ndani?

Ine ndinali nditanena kale kuti malata apite. Ndinauza Fanny, kukhitchini, motsitsa mawu kuti odwala asamve. Iwo sindinawauze.