Anditcha Salaula

Lachinayi madzulo, ku Matero. Bondo likuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lero ndinakayesedwa ku timu yatsopano, yachisanu ndi chitatu chiyambireni kusewera mpira. Yomwe ndinali ija yatha chifukwa kampani yake yatsekedwa, monga inathera ina ya kumigodi imene ndinkasewera kale. Nditangolowa m'bwalo, ochemerera anayamba kukuwa kuti, "Bagula salaula!" Akuti ndine chovala chakale chimene chadutsa m'manja ambiri. Palibe amene akukumbukira kuti ndinavalapo jezi ya dziko kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo wosewera kutsogolo wa ku Malawi sanandidutse ngakhale kamodzi.

Anyamata amandiposa liwiro, inde, koma iwo amathamangira kumene mpira uli, pamene ine ndimakaima kumene ukupita. Mphunzitsi wa timuyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ba mudala, mubwele pa Loweruka na nsapato zanu."

Nditafika kunyumba ndinamuuza mkazi wanga Esnati za dzinalo. Iye amagulitsa salaula yeniyeniyo pamsika. Anaseka mpaka misozi, nati, "Manje mwakalipa chani? Masiku ano ni ndani agula vanyowani? Va mu sitolo ukawasha kabili vang'ambika. Salaula inavutika kale, siyopa sopo."

Dzinalo ndalilandira. Loweruka akakuwanso ndidzawakwezera dzanja, kenaka ndidzawalanda mpira anyamata awo aja mmodzimmodzi. Latsala ndi bondoli, kuti nalonso limve zimene Esnati wanena.