Chivundikiro cha Nsomba za Mwiya

Lolemba, 6 Novembala 1995

Dzuwa la lero ndi lolanga ochimwa. Ndangofika kuchokera kuchipatala, mapazi atupa. Mwiya, mwamuna wanga, wamwa masipuni awiri okha a phala, koma mphamvu zofunsira nsomba zake anali nazo. Zoti ine ndadya kapena ayi, sizinamukhudze.

"Galasi ilipo pamwamba pa tanki?"

Ndinati inde. Ndinanama. Galasilo ndinalichotsa Loweruka, lili kuseri kwa kabati. Ndikamuona iye akulimbana ndi mpweya pabedi paja, kenako n'kubwera kuno kudzapeza tinsomba tikuyasama pansi pa galasi lochita thukuta, mtima sundilola.

Mkangano umenewu watha zaka zitatu, chibweretsereni thanki ija kuchokera kuhotela kumene ankagwira ntchito, mabwana atafuna kuitaya chifukwa cha mng'alu. Iye amati nsomba za mumtsinje wa Maramba zimadumpha, popanda chivundikiro zidzathera pansi. Ine ndimati chamoyo chilichonse chimafuna mphepo, kapampu kake ka mpweyako ndi phokoso chabe. Zilipo zisanu ndi ziwiri, zonyezimira, kutalika ngati chala. Anakazigwira yekha ndi neti yakutha ya udzudzu. Ana sitinapatsidwe, ndiye anthu kuno ku Nottie Broadie amatiseka kuti tikulera ndiwo.

Galasilo ndilibwezera mawa. Kapena akatuluka.

Lachitatu, 8 Novembala

Mwiya wandisiya lero m'mawa. Ndinali nditatuluka kukatsuka kapu.

Lachisanu, 10 Novembala

Ndikulembera kubafa, ndiko kokha kumene amandisiya ndekha.

Abale a Mwiya anafika dzulo kuchokera ku Senanga. Otsogolera ndi azakhali ake, Ba Njekwa, mayi wamfupi koma mawu ake amafika kumsewu. Wina ndi mkulu wake wa Mwiya, Ba Mufalo, msodzi, amene ndinangomuonapo kamodzi paukwati wathu. Munthu wosalankhula. Anthu osalankhula ndimawaopa.

Mipando yonse yatulutsidwa panja pamene pakukhala amuna. Ine andiika pamatiresi pakona, chitenje kumutu. Wamasiye sadzukadzuka, sakweza mawu, sayang'ana anthu kumaso. Thanki inawakanika kunyamula, ndiye yatsala pakathebulo kake kachitsulo, moyang'anana ndi ine. Pampu anaizimitsa, akuti imasokoneza nyimbo.

Posuntha kabati anapeza galasi lija. Mayi wina wakutchalitchi anaona kuti wapeza thireyi yabwino, n'kuyamba kunyamulirapo makapu a tiyi kupita nawo kwa amuna. Ndinkaona zonse kudzera m'mphepete mwa chitenje, koma ndikanatani? Ulendo wachitatu ndinangomva phwaa pasitepe. Ndinalira mokweza, ndipo amayi onse m'nyumba anandithandiza kulira, osadziwa kuti ndikulira chiyani.

Loweruka, 11 Novembala

Tamuika. Mchenga unali wotentha mpaka kuotcha kudzera m'nsapato. Sindikukumbuka amene anandigwira mkono.

Lamlungu, 12 Novembala

Mitambo yayamba kusonkhana cha kumathithi, ndipo nsomba zapenga. Zikungozungulira pamwamba pa madzi. M'mawa wosesa anapeza imodzi itauma kuseri kwa chitseko, anangoitola ndi zinyalala.

Masana ina inadumpha ine ndikuona. Inagwera pasimenti pakati pa miyendo ya amayi, n'kumaphiriphitha. Ndinaiwala zonse. Ndinadzuka, chitenje n'kugwa, ndinakwawa mpaka ndinaigwira n'kuibwezera m'madzi. Nyimbo inaduka pakati.

"Mwamuna wako tamushika kumanda dzulo, iwe uthamangila nsomba? Nkala pansi, utichititsa nsoni," anatero Ba Njekwa.

Ndinabwerera pamatiresi manja akununkha nsomba. Nditakweza maso pang'ono ndinaona Ba Mufalo ataima pakhomo. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana thanki, nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mbuzi yonenepa pamsika.

Imene ndinaipulumutsa ija yafabe. Zatsala zisanu.

Lolemba, 13 Novembala

Anthu achepa. Lonah, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, anabwera ndi madzi osamba n'kundinong'oneza kuti katundu agawa Lachitatu. Akuti ndibise zimene ndingathe, azitengera kwake m'dengu la makala. Mng'ono wake ku Libuyu anasiyidwa ndi poto mmodzi ndi malaya amene anavala. Nthawi imeneyo ndinangomvera chisoni chapakamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinamuuza kuti wailesi atenge, bedi atenge, ngakhale mafoloko. Ine ndikufuna thanki basi. Lonah anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera, kenako anafunsa kuti thanki ya madzi ingalowe bwanji m'dengu la makala. Tinatsala pang'ono kuseka, pamaliro.

Madzulo ano Ba Mufalo analowa, anagwada pathanki n'kuyamba kuiyeza ndi dzanja. M'litali, m'lifupi, kubwerezanso. Ndiye kuti akuona ngati ikwane palole. Atatha anatuluka n'kulowera cha kumtsinje.

Lachiwiri, 14 Novembala

Zatsala zinayi.

Ndinapempha Lonah kuti aphimbe thanki ndi chitenje. Chinalowa m'madzi, utoto n'kuyamba kusungunuka, tinachichotsa msanga. Anayesa malata akale, nsomba zonse zinakwera pamwamba kukamwa kuli yasa, pampu ili chizimire. Tinachotsanso. Ndasowa mtengo wogwira. Mwiya akanadziwa chochita, ndipo akanandinena kaye mpaka makutu kuwawa.

Chimene chikundidya ndi bodza lija. Aja ndiwo anali mawu omaliza enieni amene tinalankhulana, ena onse anali a mankhwala ndi madzi akumwa, ndipo ine ndinamunamiza. Anamwetulira n'kutseka maso, wokhutira. Zitatu zafa chifukwa cha nzeru zanga. Ndamusowa kwambiri, ndipo ndikuchita naye manyazi ngakhale ali kumanda.

Ba Mufalo akhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango, akung'amba bango ndi mpeni. Lonah akuti akuluka chotengera katundu. Munthu wokonzeka bwino, sanabwere kudzalira kokha.

Lachitatu, 15 Novembala

Agawa. Anatikhazika pabwalo, katundu yense pakati, Ba Njekwa akuloza ndi ndodo. Bedi, kabati, mipando, wailesi, njinga, suti ya ukwati, chilichonse chinapeza mwini wake. Nsapato za Mwiya zinakwana msuweni wina amene sanabwereko n'komwe kuchipatala. Ine andisiyira zovala zanga, mapoto, mbaula ndi matiresi. Akuti andichitira chifundo, popeza palibe mwana woti n'kumusiyira kanthu.

Atafika pa thanki anthu anaseka. Wina anati nsombazo sizingakwane ngakhale kadzutsa wa mphaka. Ndinagwada n'kupempha kuti chimenechi chokha andisiyire.

"Galasi ni ya ndalama iyi. Vintu va mwamuna viyenda ku banja. Mufalo ndiye wa nsomba, azatenga," anatero Ba Njekwa.

Ndinayang'ana Ba Mufalo, mwambo kapena ayi. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Ndazipatsa chakudya chambiri kuposa masiku onse. Mwiya amaletsa zimenezi, akuti madzi amada. Zidye, mawa adzazikhuthulira kuseri kwa nyumba kuti thanki ipepuke.

Lachinayi, 16 Novembala

Lole inafika m'mawa. Ndinakhala kukhitchini kuti ndisaone. Ndinkangomva kukhuluzika kwa miyendo ya bedi, ndi Ba Njekwa akukalipira anthu kuti asakande kabati. Kenako kunati zii, ndipo wina anagogoda pachitseko cha khitchini.

Anali Ba Mufalo. Anandikodola kuti ndimutsatire. Pabalaza panalibe kanthu, zipupa zokha ndi mabala a misomali. Kathebulo kachitsulo kanapita. Koma thanki inali pansi pakona, itakhazikidwa panjerwa zinayi, madzi ake ali momwemo. Pamwamba pake panali chivundikiro cha bango, cholukidwa ngati mono, mipata yake yosalowa ngakhale chala chaching'ono. Chinakwana ndendende mbali zonse. Pakona anasiya kabowo kopitira kachubu ka pampu.

"Mulamu, izi zimajumpa zikamvela mvula, zifuna manzi yanyowani. Galasi izipweteka mutu. Matete aya n'nalukila yapitisa mphepo."

Iye anagwada n'kukonza mfundo ina imene inali yokonzeka kale.

"Mwiya pamene anali mwana, anali kusunga tunsomba mu mbiya ya ba mayo. Nine n'nali kumupangila vovalila pamwamba monga ichi. Sembe sin'naitenge ine tanki dzulo pogawa, ikanayenda na munthu wina." Anaima, anapukuta manja pathalauza. "Tanki ni yanga manje. Munisungile. Nizabwela kuiona."

Ndinafuna kumuuza za galasi lija, kuti ndine ndinalichotsa, kuti ndinanamiza mng'ono wake ali pabedi. Ndinangofika poti "Ba Mufalo, ine", lole n'kuliza hutala. Maso ake anali ofiira. Anawomba m'manja kawiri mwa kwawo, atawerama pang'ono, n'kutuluka. Ndinamva Ba Njekwa akumufunsa za thanki, iye n'kuyankha mwachidule m'Chilozi. Ba Njekwa sanafunsenso.

Ndakokera matiresi pafupi ndi njerwa zija. Ndayatsa pampu, ndipo m'nyumba yopanda kanthu ikumveka ngati thirakitala. Kunja kwada ndi mitambo, madontho oyamba ayamba kugunda malata. Pompano imodzi yadumpha, yagunda bango, yabwerera m'madzi. Zikadali zinayi.