Nyimbo Yothera Panjira

Lolemba, 9 Juni

Nyimbo palibe. Ndasesa m'shopu, ndasoka mayunifolomu a ana, koma m'mutu muli zii ngati m'chitini chopanda kanthu.

Amayi apampando a kwaya yathu anadutsa masana. Akuti Lamulungu kutchalitchi kukubwera alendo, ndiye nyimbo yatsopano ikhale itapsa pofika Loweruka pokonzekera. "Ikavuta, agogo, musadzipanikize, tingotenga ya pa wailesi." Ya pa wailesi! Chiyambireni kwaya imeneyi, pakamwa pa azimayi aja sipanatulukepo nyimbo yobwereka. Zonse n'zanga. Ndawauza kuti yatsala pang'ono. Bodza lenileni.

Chikundidabwitsa n'chakuti sindikudwala, sindinayambane ndi munthu. Nanga yapita kuti?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndayamba kufufuza ngati wapolisi. Kodi nyimbo zinkandipeza ndili pati, ndikutani? Ndakhala pa mpando wakale uja wa mwendo womanga ndi waya. Zii. Ndamwa tiyi wopanda shuga, mwina shuga ndiye akugoneka mutu. Kuwawa kokha.

Kwabwera alamu anga, achemwali a malemu amuna anga. Nawonso ali m'kwaya, ngakhale mawu awo ndi a chitseko chosowa mafuta. Akuti, "Alamu, mwina chitsime chaphwa. Zaka izi." Ndati chanu ndiye sichinakumbidwe n'komwe. Aseka mpaka kutsokomola, andimwera tiyi yense, apita.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalumikiza mkono wa malaya motembenuza. Ndamasula, ndalumikizanso motembenuza. Ndatseka shopu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndagwira wakuba!

Ndimapinda m'mphepete mwa katani, ndiye ndinayang'ana pansi kufuna singano yomwe inagwa. Ndaona mapazi anga akuponda okha, kutsogolo kumbuyo, pomwe palibe choponda. Akuponda mphepo.

Mwezi watha mwana wanga nesi uja anandibweretsera makina a magetsi, akuti maondo anga atha. Akale opondera aja anawapereka kwa telala wa pakhonde la sitolo ya misomali. Atsopanowa n'ngabwino, sindikana. Ukangogunda, drrr, msoko watha. Koma akale aja ankati kata-kata, kata-kata, osathamanga, ndipo nyimbo inkakwera pamenepo ngati mwana kumsana. Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikupeka ndi mapazi, mutu n'kumangolandira ulemu?

Ndamuimbira nesi. Akuti, "Amayi, nyimbo zimachokera mu ubongo, mupume basi." Ndati ubongo unawerenga ndiwe, mapaziwa ndi anga. Akuti ndikapweteka maondo ndisamuimbirenso. Ndidzamuimbirabe.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapita kwa telala uja. Atandiona anayamba kuseka ndisanapereke moni. "Agogo, mwadzazonda mwana wanu? Akudya bwino, mafuta ndimamupatsa." Ndati suntha. Wandipatsa mulu wa mathalauza opinda miyendo, iye n'kukakhala pa kauntala kumadya mtedza ngati bwana.

Buluku loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe, ndipo ndinayamba kudziona chitsiru, nkhalamba kusokera mnzake ulere pamsewu. Kenako sindikudziwa kuti ndi pa lachingati, ndinangomva pakhosi pakung'ung'udza pokha:

Munandisoka ndi ulusi wanu, Ambuye,
pong'ambika munaika chigamba.

Ndinaponda mwamphamvu kuti yotsalayo itsike. Inakana. Mathalauza anatha, ndinapitiriza kuponda singano ilibe ulusi, mpaka wogulitsa misomali anatuluka kudzafunsa ngati zili bwino. Maondo moto.

Choncho mapazi ali ndi mbali yawo, koma si onse. Enawo ndi ati? Sindikudziwa.

Pobwerera sindinalonjere aliyense, kuopa kuti ingatayike. Zilembo izi anandiphunzitsa malemu pakhonde, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu palibe polemba, ndimasunga pakhosi. Mawa mizere iwiri yokha. Kapena ndinene kuti ndadwala?

Loweruka, 14 Juni

Ndinapita. Kudwala kwabodza kumaitana kwenikweni.

Tinakumana m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, muja mosungira mabenchi othyoka. Amayi apampando anali atagwira kale foni m'manja, nyimbo ya pa wailesi ija ili chire. Ndinaimirira osawayang'ana. Ndinaimba mzere woyamba, azimayi anabwereza. Wachiwiri, anabwereza, ndipo a mawu apansi analowa okha mokoma moti tsitsi linandiyimirira. Kenako onse anatsegula pakamwa kudikira wachitatu.

Ndinati, "Yathera pomwepo."

Wina anafunsa ngati ndayiwala. Ndinati sindinayiwale, kulibe. Amayi apampando anayamba kusisita foni ija ndi chala, mwaulemu ndithu, akuti mwina tiisunge ya agogoyi mpaka idzakule.

Ndiye alamu, kumbuyo kuja, anakweza mkono kuonetsa m'khwapa mwa bulauzi yawo yoyera, momwe ndinawaikira kansalu kachikasu kalekale chifukwa koyera kanandithera. "Zigamba zawo alamu anga timazidziwa. Sizifanana ndi nsalu, koma mphepo siilowa." Anthu anaseka. Iwo poona kuti zakoma, anayiimba ndithu, ndi mawu a chitseko aja:

Sichifanana ndi nsalu,
koma mphepo siilowa.

Kuseka kunayamba kuchepa. Mtsikana wa mawu apamwamba anayibwereza bwinobwino, ena awiri anatsatira. Mawu a alamuwo analowa m'nyimbomo ndendende, ngati ndinachita kuyeza ndi tepi. Sabata yonse ndawafuna pansi pa tebulo, kwa telala, m'kapu ya tiyi, osadziwa kuti ali m'khwapa mwa alamu.

Amayi apampando anandiyang'ana. "Agogo, tiitenge? Mwini nyimbo ndinu."

Onse maso pa ine. Alamu ataleka kuseka, akukonzakonza mpango ngati mwana woswa mbale.

Ndinati, "Alamu, pa 'mphepo' paja mukugwera m'dzenje. Bwerani kuno kutsogolo, muime pafupi ndi ine. Tiyambenso pamwamba."

Foni inalowa m'chikwama. Alamu anandiponda chala pobwera.