Mwendo Woyera wa Ngelaw

Lolemba, 3 Juni

Massamba waimba foni kuchokera ku Dakar. Akuti Idi ikangodutsa Ngelaw afulidwe, azikakoka ngolo kumsika wa Louga. Akuti hatchi yaimuna imene anthu sabweretsa zazikazi kuti ikwere ndi pakamwa chabe. Mwana yemwe uja ankabwera kukhola kuno atavala yunifolomu, kudzapempha kuti agwireko chingwe. Lero bambo ake kulibe, ndiye mwini hatchi ndi iye.

Ndamupempha adikire Yero Ka, woweta ziweto wa mtundu wa Afulani wa ku Dahra. Hatchi yake yaikazi ili ndi bere la Ngelaw, ibereka masiku omwe ano. Mwanayo akatuluka wabwino anthu ayamba kubwera.

"Bambo Ndiaga, zaka khumi mwakhala mukunena kuti anthu abwera."



Lachitatu, 5 Juni

Kutentha. N. wadya mchewere pang'ono, masamba a mtedza wangonunkhiza. Msana wayamba kulowa.

Ndimamupesa n'kumawerenga ndekha. Mijaha 19, anapambana 14, ine ndili pamsana pake yonseyo. Ku Thiès, ku Louga, ku Saint-Louis. Makolo ake onse ngolembedwa m'buku la mahatchi a mjaha, mapepala ali m'sutikesi mwangamo. Koma oimba zotamanda sanamuimbirepo ndi kamodzi komwe. Tikawina ankatembenuzira ng'oma kwa hatchi yachiwiri, ife n'kumatuluka m'bwalo ngati taba.

Nkhani yake mwendo basi. Thupi lonse lofiira, koma wakutsogolo kumanzere woyera mbee kuyambira pachiboda mpaka pabondo. Amati hatchi yotere imakumbira mwini wake manda. Malemu El Hadji Sarr, bambo a Massamba, ankangoseka, ankati manda anga anakumbidwa kale ndi Mulungu. Anamwalira ali ndi zaka 83, shuga atawadya zaka zambirimbiri, koma pamaliro ndinamva ndi makutu angawa: "Mwendo uja."

Zimandiwawa mpaka lero.

Lachisanu, 7 Juni

Kumzikiti sindinamve chilichonse. Ndilembe pano, mwina mtima ungatsike.

Chaka chatha Yero atatumiza uthenga kuti akubwera ndi hatchi yake, ndinadziwa kuti za kupambana anazimva koma mwendo sanauone. Ndinatenga hina wa mkazi wanga Ngoné, utoto wofiira umene amapaka m'manja pa ukwati uja, n'kupaka mwendowo masiku atatu, kumanga nsanza, kupakanso. Unafiira bwinobwino. Yero anazungulira hatchi kawiri, kuyang'ana mano, kugwira m'chifuwa, n'kunena kuti sanaonepo miyendo yowongoka chonchi. Ine n'kumangomuthirira tiyi.

Mkazi wanga anandiuza tsiku lomwelo kuti utoto sulowa m'magazi. Lero wabwerezanso, akusankha mpunga, osandiyang'ana n'komwe.

Lamulungu, 9 Juni

Ku Dahra zii.

Lachiwiri, 11 Juni

Kwabwera Daouda wangolo, wotumidwa ndi Massamba, ati kudzaona katundu. Katundu! Wayeza chifuwa cha N. ndi chingwe, akuti zomangira zake zikwana. Ndamufunsa ngati iye saopa mwendowo.

"Aa, madala, hatchi si yanga, ndi ya Massamba. Ine ndingoyendetsa. Akafuna kukumba akakumbe ku Dakar."

Waseka yekha. Kenaka wafunsa ngati n'zoona kuti nkhalambayi inkathamanga kale. Ndinafuna kumutchulira mijaha yonse umodzi umodzi, ndi mayina a mahatchi amene tinkawasiya m'fumbi, koma ndaona kuti maso ake ali pa foni. Ndamuuza kuti inkayesako.

Lachinayi, 13 Juni

Yero waimba nthawi ya chakudya chamasana. Yabereka dzulo, mwana wamwamuna. Ndafunsa ngati ali bwino, akuti waima msanga, akuyamwa. Ndafunsa mtundu. Wazemba funsolo. Kenaka akuti abwera Loweruka, pali chimene akufuna adzaone yekha.

Mpunga ndausiya. Ngoné wavundikira mbale. Hina akadalipo m'chitini, ndachitsegula n'kuchitsekanso.

Loweruka, 15 Juni

Wabwera ndi ndodo yake paphewa, wapereka moni wonse mwaulemu, kufunsa za banja mmodzimmodzi. Tiyi wakana. Walunjika kukhola.

Ubweya wopakidwa uja unathothoka kalekale. Mwendo uli mbee padzuwa. Wagwada, waugwira, wapukuta ndi chala ngati mwina choyeracho ndiye utoto. Ine ndaima kumbuyo kwake ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'thumba la shuga. Ndikanakonda akanandilalatira. Sanatero.

"Akulu, mukanandiuza ndikanasankha ndekha. Mwina ndikanavomera."

Ndayamba kunena za mijaha, wakweza dzanja. Akuti kamwanako n'kokongola kuposa ana onse amene anabadwirapo pakhomo pake, tsiku lachiwiri lomwe kanali kakuthamanga kuzungulira mayi wake. Koma mwendo ndi womwewo, kumanzere, mpaka pabondo. Mayi ake a Yero ali gone chiyambire mwezi watha, ndipo abale ayamba kale kuloza kukhola. Dahra yonse yamva, akuti ngakhale kumsika wa ziweto akukamba zomwezo, ndi dzina langa lomwe.

Ndapepesa. Wati wamva. Sanandipatse dzanja pochoka.

Manyazi andigwira, koma pansi pa manyaziwo muli kena kake koipa: ndakondwa kumva kuti kamathamanga.

Lolemba, 17 Juni

Idi. Tapha nkhosa, adzukulu adzaza bwalo. Massamba waimba kupereka mafuno abwino, n'kumalizira kuti dokotala wa ziweto abwera Lachinayi. Za ku Dahra zamufika kale.

N. ndamupatsa shuga m'manja, wambiri kuposa muyezo.

Lachinayi, 20 Juni

Achita m'mawa. Mutu ndinagwira ndine, chifukwa wina aliyense akanamuluma. Ndimamulankhula m'khutu monga ndinkachitira tikamadikira mbendera, ndipo anagona pansi mondikhulupirira. Zimenezo ndiye sindidzadzikhululukira. Atadzuka Daouda wamukoka pang'onopang'ono, akuti akapolere kwake kuti azolowere. Anayenda motangadza. Sindinaperekeze.

Ndinali ndikukolopa magazi pamene galimoto yonyamula nkhosa inaima pachipata. Dalaivala watsitsa chinthu chokulungidwa m'chiguduli, miyendo yomanga. Akuti Yero wati mayi ake odwala aja amwalira Lachiwiri, abale amafuna kupha kamwana ka hatchika, iye wakana. Akuti popeza ndinakafuna kwambiri, ndikalere.

Kamasiku asanu ndi atatu, kopanda mayi. Ndakamasula, kadzandira, kaima. Chifuwa cha bambo wake chenicheni.

Ngoné anaima pachipata manja m'chiuno. "Bambo a Codou, Ngelaw uja anali wa El Hadji, ndinapirira. Aka mwini wake ndi inu. M'bwalo muno muli adzukulu anga."

Wabweretsa mkaka wa mbuzi m'beseni, wauika kunja kwa mpanda, wabwerera n'kukoka chipata.

Ndiye tili panja pano, pansi pa mtengo wa nimu, anthu odutsa akulambalala. M'beseni sikadziwa kumwa. Ndikuviika zala mumkaka, iko n'kumayamwa. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'kamwa mwake.