Akuti andiika fupa la nkhumba m'mwendo

Agogo,

Ngati munadutsapo pa Manjawira zaka zapitazi, munandiona basi. Ndine uja ndinkathamangira mabasi ndi beseni la mazira pamutu, osagwetsa ngakhale limodzi. Sukulu ndinaisiyira folomu wani, aphunzitsi mpaka ananenepa ndi mtendere. Masiku amenewo, Agogo, Loweruka mnzanga Benson akangondiponyera mpira, anyamata a ku Bwanje ankangotsokomola fumbi langa. Atsikana a pamsika ankasiya tomato kudzandionerera.

Chaka chatha ndinagwa pa njinga yamoto, fupa la msongolo linaphwanyika. Madokotala anachotsa zidutswa, panatsala mpata, mpaka lero silinalumikizane. Adokotala ku Lilongwe anati aikapo kanthu ka timabowo ngati siponji youma, fupa langa liziyanga momwemo ngati nyemba paphesi, kenako kanthuko kadzatha kokha.

Ndinavomera. Koma mdala wa bedi loyandikana nane, a Kingston, anati, "Iwe Msilamu, ukudziwa kuti timeneto amapangira fupa la nkhumba? Uzikalowa mumzikiti utanyamula kapado." Ine wogemula anthu, tsikulo sindinaseke. Ndinatola ndodo zanga n'kuthawa osatsanzika. Bambo ndinawanamiza kuti madokotala andibweza okha.

Papita miyezi iwiri, ndipo bala layamba kutuluka mafinya. Ndisankhe mwendo kapena chipembedzo?

S.K., Manjawira

Mdzukulu wanga S.K.,

Wathawa opaleshoni chifukwa cha nthabwala ya wodwala mnzako. A Kingston anagonekedwa ngati iwe, si dokotala.

Zoika m'mafupazi n'zamitundumitundu. Zambiri amazipanga kufakitale ndi zinthu zofanana ndi zimene zimalimbitsa fupa, zina zimachokeradi ku nyama, ndipo nthawi zina amatenga kachidutswa ka fupa lako lomwe la m'chiuno. Chimene anakukonzera sindikuchidziwa, iwenso sukuchidziwa, chifukwa sunafunse.

Bambo akowo uwauze zoona lero, akuperekeze kuchipatala sabata ino. Ukanene poyera kuti ndiwe Msilamu, ufunse kuti kanthuko n'kopangidwa ndi chiyani komanso ngati kalipo kena. Yankholo ukakambirane ndi a shehe. Ngati umasuta, siya, fodya amachedwetsa fupa kulumikizana.

Liwiro lakale lija sindikukulonjeza, mwina udzangoyenda bwinobwino. Koma mafinyawo usawasekerere. Matenda akazika mizu m'fupa, madokotala sadzakambanso zoikamo kanthu, adzakamba zodula mwendo.

Agogo